Pepala la a Petro

Ronald anayesanso kachitatu, koma sikirini inangoti bii. Inali 2 koloko masana, m'kachipinda kotentha ka pachipatala china chaching'ono ku Nsaru. Iye anali katswiri wa makompyuta, ndipo anachita kumuitanitsa kuchokera ku Lilongwe m'mawa womwewo.

M'kati mwa seva, kompyuta yaikulu ya chipatalacho, munali makompyuta atatu ongoyerekeza, osagwirika ndi manja. Awiri ankayenda bwino. Yachitatu, yosunga mbiri za odwala ndi kutulutsa zikalata, inakana kudzuka chiisinthireni kenelo, pulogalamu yomwe imayambitsa zonse.

Pakhomo panali patakhala mayi wachikulire, a Benedeta, miyendo atatambasula pasimenti.

"Mwananga, kodi zitheka?" anafunsa motsitsa mawu. "Amuna anga, a Petro, sangachoke pano popanda pepala. Galimoto ikudikira."

Ronald sanafunse zambiri. Anali ataonapo odwala mwakayakaya akudikira kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu, abale awo ali kakasi pakhonde.

"Musade nkhawa, amayi. Anyamuka posachedwa."

Anatsegula mzere wa malamulo omwe kenelo imawerenga isanayambe ntchito. Anafufutamo liwu loiuza kuti izichita zonse mwakachetechete. Atayatsanso, zilembo zinakhuthuka pasikirini, kenako zinaima. Vuto linaonekera poyera: kenelo inkafunafuna disiki yosungira mbiri zija pogwiritsa ntchito dzina lake lakale. Analemba latsopano mofulumira, n'kuphonya chilembo chimodzi. Mphindi khumi zinangotayika. Anadzitukwana chamumtima, napukuta thukuta ndi malaya, n'kulembanso pang'onopang'ono. Mayi aja sanasunthe.

Ulendo uno makina anadzuka. Namwino analowa, nalemba dzina la a Petro, pulinta n'kulavula pepala. Ronald analitenga osaliwerenga n'komwe, nathamangira nalo pakhomo.

"Nali, amayi! Auzeni adalaivala afulumire. Ku Lilongwe kuli madokotala odziwa, akachira ndithu."

A Benedeta analandira pepalalo ndi manja awiri, nalipinda bwinobwino, n'kulimanga pansonga ya chitenje.

"Ku Lilongwe ayi, mwananga. Ulendo ndi wakumudzi. Anatisiya m'bandakucha. Ili ndi pepala lotengera thupi."