Ndaona Afika pa Msonkhano

"Msonkhano wake uti, achimwene?" anafunsa mayi wolandira alendo pa loji ina ku Nkhudzi.

Ndaona anatula kompyuta yomwe anaikulunga m'chitenje, n'kuyankha kuti ndi wa mainjiniya. Ananyamuka ku Makanjira dzulo lake pa lole, atakhalira matumba a usipa, kuti adzaonetse pulani yake ya mlatho kwa mainjiniya anzake a m'gulu logwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira mapulani.

"Ajatu anasintha," anatero mayiyo. "Akuti misewu yaipa, ndiye aliyense alowe pa intaneti ali kwawo. Uthenga simunaulandire?"

Ndaona anangopukusa mutu. Kwawo netiweki inali itasowa sabata yonse.

Anakhala yekhayekha m'holo, pakati pa mipando yosanjikiza, n'kulumikiza foni yake. Nkhope za anzake zinatulukira, wina akumwa tiyi pakhonde pake.

"Eee, a Ndaona alowa!" anafuula a Sheila, wapampando wa gululo. "Ndipo mukumveka bwino zedi! Anzanga, mwauona ubwino wake? Munthu ali ku Makanjira kwenikweniko, koma watipeza osaponda ndi matope omwe."

Ndaona anayang'ana matope omwe anaumira pa buluku lake mpaka m'mawondo, kenaka anakweza foniyo kuti izionetsa nkhope yokha.

"Zoonadi, mayi," anatero.