Tsiku Limene Mahutala Anakhala Chete

A Pamwamba anaima pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja, khutu atalozetsa pansi. Kunali zii. Hutala ayi, woitanira ayi, ngakhale injini yotsokomola yomwe. Anamwetulira ngati munthu wowina mlandu, ndipo kunena zoona mlanduwo anali atawinadi.

Dzina la Pamwamba anawapatsa ndi anansi awo akale. Chisamukireni m'nyumba zosanjikizana zimene zinamera mozungulira depoti ya mabasi pakati pa mzinda, bamboyu sankamaliza nkhani osanena kuti "ife a pamwamba". Kale ankakhala kumapeto kwenikweni kwa mzinda, kumene phula amathera. Kutsogolo kwa nyumba yawo kunali chibwalo chachikulu chatchire chongodyapo mbuzi, ndipo kuti apeze basi yopita kuntchito kwawo ku famase, sitolo ya mankhwala, ankayenda mpaka bondo lawo lovuta lija kutupa. Nsanjika zitangotha kumangidwa, anagulitsa nyumbayo kwa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, dalaivala wa basi wopuma pantchito.

"Ine basi izindipeza pakhomo," anatero popereka makiyi. "Ndikatsika chikepe, phazi lachiwiri lili kale m'basi. Inu alamu, tsalani ndi mbuzi zanu."

Mlamuyo anangoseka, maso ali pa chibwalo chija.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Depoti sigona. Mahutala ankayamba tambala asanalire, oitanira n'kumalandira, makamaka wina wa mawu osasa amene ankamveka ngati ali kuchipinda komweko. A Pamwamba anatseka mawindo, anapachika bulangete pachitseko cha kukhonde, koma phokoso linkakwera nsanjika zonse popanda chikepe. Akazi awo, munthu wozolowera kugonekedwa ndi nkhululu, anayamba kudwala mutu, maso psuu. Tsiku lina analongedza kachikwama.

"Abambo, sikuti ndakusiyani," anatero modekha. "Ndikungopita kwa achimwene kukapeza tulo. Phokosoli likadzatha mudzanditenge."

Zinawapweteka a Pamwamba, ndipo zinawapweteka pawiri. Mkazi wawo ankamukonda, nyumba inawakulira mayiwo atangotuluka. Komanso manyazi: mwamuna wogona pafupi ndi mitambo, mkazi n'kukapempha tulo m'nyumba yomwe iwo anainyoza!

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anagogoda khomo ndi khomo m'nsanjika monse, ndodo ili m'manja, mpaka anzawo anawasankha kukhala wapampando wa odandaula. Kukhonsolo ya mzinda anapitako mpaka alembi anazolowera kulira kwa ndodo yawo, akaimva pamasitepe aliyense ankakumbukira kuti ali ndi ntchito kuchipinda china. Chodabwitsa n'chakuti amene anawalimbikitsa koposa anali mlamu uja. Ankaimba foni pafupipafupi, n'kumawauza chitseko choyenera kugogoda ndi bwana woyenera kumudikirira, poti pantchito yake yakale maofesi amenewo anawadziwa bwino.

"Musafooke alamu," ankatero. "Akuluakuluwa amamvera a m'nsanjika. Ife a kutchire tikalankhula amati ndi mphepo."

A Pamwamba ankagwedeza mutu mwachifundo. Anaona kuti mwina munthuyu akumvera chisoni mlongo wake, kapena wangotopa kumudyetsa.

Pamapeto pake bwana wamkulu wa kukhonsolo anakweza manja. "Bambo, pitani mukagone. Pofika Lolemba simudzamvanso hutala ngakhale imodzi."

A Pamwamba sanafunse kuti zitheka bwanji. Wopambana safunsa zambiri, amangovala jekete n'kutuluka mwaulemu.

Lero linali Lolemba lija, ndipo bwanayo anali atasunga mawu ake. A Pamwamba anamaliza tiyi, anachotsa bulangete pachitseko, anatsekula mawindo onse kuti mkazi wawo adzapeze mphepo yabwino. Kuntchito anali atapempha kale tchuthi. Anavala suti ya paukwati wawo, yomwe mabatani ake tsopano ankagwirana mokakamizidwa, nalowa m'chikepe. M'menemo anansi anawagwira chanza mmodzimmodzi. Mayi wina anati wagona mpaka kuchedwa kuntchito, onse anaseka. Pansi mlonda anawachitira sawasha.

A Pamwamba anawoloka msewu akukonza mawu okanena kwa mlamu wawo. Sakadzitama ayi, akangoti, "Alamu, tabwera kudzatenga wathu. Kwathu tsopano kuli bata loposa la mbuzi zanu."

Depoti inali yosesedwa bwino, nkhunda zikutolatola poimikira mabasi. A Pamwamba zinawasangalatsa. Anadziuza kuti umu ndi mmene zimakhalira m'mizinda yotsogola: mabasi amadikira kuseri mwaulemu, n'kumalowa imodziimodzi nthawi yake ikakwana. Anakhala pabenchi, ndodo pakati pa miyendo. Dzuwa linakwera, mthunzi wa nsanjika yawo unawachokera, bondo linayamba kulankhula. Iwo anapirira, poti chitukuko chimafuna kudekha.

Kenako foni inalira. Anali akazi awo, koma mawu awo ankamira m'chiphokoso: mahutala, mainjini, ndi woitanira wa mawu osasa amene a Pamwamba akanamuzindikira ngakhale ali m'manda.

"Amayi, muli kuti? Nanga phokosolo?"

"Ndili pakhonde pa achimwene!" anakuwa mayiwo. "Depoti yonse aisamutsira pa chibwalo cha mbuzi chija. Achimwene akuti zikomo kwambiri, basi tsopano ikuwapeza pakhomo. Fulumirani mudzanditenge abambo, kuno sikukhalika. Kaya mukwera chiyani."