Mulu wa Mawere Wokana Kugawika

Padangokhala!

Tili tonse!

Nyerere ndi mlamu wake Nkhululu anapeza mulu wa mawere otayika m'njira. Njere zake zinali zochuluka moti ngakhale Bongololo sakanaziwerenga ndi miyendo yake yonse. Anayamba kugawana, iyi yanga, iyi yanu, mpaka panatsala njere imodzi.

"Tengani imeneyo, alamu, tizipita," anatero Nkhululu.

"Ayi," anakana Nyerere. "Mawa mudzayamba kuimba m'mudzi monse kuti ndinakuberani. Mulu uwu ugawika ndendende, zivute zitani."

Anaitana Chiwala kuti akhale atatu, nagawa mwatsopano, koma njere zinatsalabe. Anawonjezera Kafadala ndi Nyenje, sizinatheke. Anayesa khumi, anayesa mazana, koma nthawi zonse pansi pankatsala kenakake.

"Alamu, mukamaitana ena gawo lathu likuchepa," anadandaula Nkhululu. "Nambala iyi ndi youma mutu, sigawika."

"Wouma kwambiri ndi mutu wangawu," anayankha Nyerere, osapukuta n'thukuta lomwe.

Anamema dzombe, chiswe, linthumbu ndi tizilombo ta m'dziko lonse, mpaka pakamwa panachuluka chimodzimodzi ndi njere. Tsiku limenelo mulu unagawika osatsala kanthu, pakuti aliyense analandira njere imodzi.

Nyerere anasenza yake monyadira. "Mwaona, alamu? Palibe wadyeredwa masuku pamutu."

"Zoonadi," anatero Nkhululu, akuyang'ana kanjere kake. "Ana anu akamalira njala, mukawauze zomwezo."

Kaphuleni mbatata zija zisanapserere, nthano yanga yathera pompa.