Mawu a Sobhi m'Kasitima Kobiriwira

Panali munthu wina kuno ku Alexandria, dzina lake a Bahgat, amene anayendetsa sitima zenizeni zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Amene anaona izi ndi maso alipo mpaka lero.

Atapuma pantchito, a Bahgat ndi mng'ono wawo Sobhi analowa m'gulu la oyendetsa timasitima tating'ono, m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya buledi. Timasitima ta masiku ano tili ndi kaubongo m'mimba, kochepa ngati chikhadabo, kamene kamamvera rimoti. M'kaubongo ka kasitima kake kobiriwira, Sobhi anajambulamo mawu ake. Kakangodzuka, kankafuula dzina la siteshoni: "Sidi Gaber! Otsika tsikani, musaiwale apongozi!" Chinthu chopanda pakamwa, koma choyankhula ngati mwini wake. Mawuwo sanawasunge pena paliponse.

Sobhi anamwalira. Mkazi wake, mayi Samiha, anapempha chinthu chimodzi chokha: pa tsiku la makumi anayi la maliro, amvenso mwamuna wawo akuitana siteshoni.

M'mawa wa tsikulo a Bahgat anaika kasitimako panjanji, nadina rimoti. Nyali inangophethira kawiri, kenako zii. Anadinanso. Zii.

M'gulumo munali mayi Nagwa, okonza mafoni pansi pa nyumba yomweyo. Iwo anati kasitima kakhala m'kabati masiku makumi anayi kakupuma chinyezi cha mchere cha kunyanja, ndiye mawilo ada, magetsi sakudutsa. Anawakumbutsa lamulo la gulu: sitima yokana imayamba yapita pa kanjanji kapambali ka magetsi ochepa, ipukutidwe mawilo, ifunsidwe nambala yake ya pa rimoti. Anati adikire mphindi khumi, akatenge sipiriti ndi thonje.

"Mayi, inu mumadziwa mafoni," anatero a Bahgat. "Ine ndakoka mabogi makumi awiri kuchoka ku Aswan mpaka kuno. Injini ikanyanyala sitiisambitsa mapazi. Timaipatsa moto."

"Zanu zija zinali ng'ombe, bambo," anayankha mayi Nagwa. "Aka ndi kanapiye. Mukakapatsa moto mudya nyama."

Anthu anaseka, ndipo kusekako ndiko kunawapweteka a Bahgat. Ananena kuti pa chinthu cha mng'ono wawo sapempha chilolezo kwa munthu.

Mayi Nagwa atangotsika, a Bahgat anatsegula kabati natulutsa thiransifoma yakale yolemera, imene ankasewera nayo ndi Sobhi ali ana. Timasitima ta nthawi imeneyo tinalibe ubongo. Tikakakamira, unkakankhira chogwirira chammbuyo mwamphamvu, magetsi ochuluka n'kukamenya kamodzi, kasitima n'kudzidzimuka. Dzanja lawo linali lisanaiwale.

A Fikri, mnzawo wa m'gulu, anawapempha kuti adikire.

"Wamantha akaime pawindo," anatero a Bahgat.

Anazula mawaya a rimoti, nalumikiza a thiransifoma. Anakankha.

Nyali inawala kuposa masiku onse. Kasitima kanalumpha pang'ono, ndipo Sobhi anayamba: "Sidi Ga..." Basi. Kautsi kowonda kanatuluka pawindo la dalaivala.

Mayi Nagwa anamva fungo ali pamasitepe. Anatsegula kasitimako napeza kaubongo katapsa, kakuda ngati nthanga ya chivwende. Anapukutabe mawilo, thonje lonse linada bii. Anaikamo kaubongo kena kamene ankasunga m'chikwama, nayesa pa kanjanji kapambali. Kasitima kanayenda ulendo woyamba womwewo. Vuto lonse linali litsiro la mphindi ziwiri. Koma tsopano kankayenda kali duu.

Masana, mayi Samiha anafika atavala zakuda, ndi ana awo aakazi awiri. Anawapatsa mpando wapafupi ndi kasiteshoni, ndi khofi wopanda shuga. A Fikri ananong'oneza a Bahgat kuti angonena kuti kaubongo kanafa kokha m'kabati. A Bahgat anakana. Anaima nanena kuti anauzidwa kudikira, sanadikire, ndipo mawu a Sobhi awawotcha ndi dzanja lawo.

Mayi Samiha anaika kapu pansi.

"Kayendetseni."

Kasitima kanazungulira phiri la mapepala, kanadutsa pamlatho, kanaima pa kasiteshoni. Sikanaitane siteshoni.

"Alamu," anatero mayi Samiha, "mwamulanda mawu ndinu. Itanani siteshoni."

Bambo amene ankakuwira gulu lonse m'mawa uja anatsegula pakamwa. "Sidi Gaber" inatuluka bwino. Za apongozi anazimaliza monong'ona.

Mayi Samiha anamvetsera mpaka kumapeto, nati: "Si iyeyo."

Sanalire. Ananyamula kasitima kobiriwira panjanji, anawadutsa alamu awo amene anali atatambasula kale manja, nakapereka kwa mayi Nagwa.

Phunziro: Chinthu chikakana kudzuka, chifunse kaye chimene chikuchivuta. Yamba ndi zing'onozing'ono: pukuta, yang'ana waya, yesa ndi magetsi ochepa. Zaka zako pantchito yakale si chiphaso chowotchera zinthu zatsopano, ndipo wokuwa kwambiri m'chipinda si ndiye wodziwa. Iwenso amene ukudziwa, usatsike masitepe n'kusiya chinthu chosabwerera m'manja mwa munthu wokwiya. Chinyamule upite nacho, anene zimene anene. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, makamaka kwa uja amakonda kunena kuti "ine ndinayamba izi iwe usanabadwe."