Tsamba Lomaliza

Mayi wa zamadzi, monga ankamutchulira ku bungwe lolangiza boma pa chitukuko, sankasaina chinthu asanachiwerenge. Ngakhale kaundula wa pageti ankamuyendetsa chala mzere ndi mzere, mlonda akuyasamula.

Tsiku lina lamulo lakelo analiphwanya. Wapampando wa bungwelo, yemwe kale anali mphunzitsi wake, anamubweretsera tsamba lomaliza lokha la lipoti lawo.

"Saina apa, mwana wanga, masamba enawo akadali kosindikiza. Mawu ndi ako omwe aja: fakitale isamangidwe padambo, zitsime za anthu zingaume."

Lachisanu nduna inaonetsa lipotilo pa kanema. Linkanena kuti dambolo lilibe ntchito. Kumapeto kwake kunali saini ya mayiyo, yooneka bwino ngati ya pa ukwati.

Analowa mu ofesi ya wapampando osagogoda.

"Aphunzitsi, masamba anga ali kuti?"

"Khala pansi kaye. Ife ndi alangizi chabe. Bungwe akalitseka, tidzalangiza ndani?"

"Ndiye mwagulitsa dzina langa kuti mpando wanu usazizire?"

Mkuluyo anavula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi. "Ndine ndinakuphunzitsa kuti usamasaine usanawerenge. Unaiwala bwanji?"

Mayiyo anatuluka. Anabwerera pa desiki yake, n'kulongedza m'chikwama lipoti lenileni, timabotolo ta madzi a m'zitsime zija ndi kapu yake. Ofesi ya atolankhani inali tsidya la msewu.

Pageti mlonda anamutambasulira kaundula. Mayiyo anasaina osayang'ana n'komwe.

"Lero simuwerenga, amayi?"

Anakoleka chikwama paphewa. "Dzinalo anaba kale, achimwene. Ndikupita kukalitenga."