Chigawo Chosathiridwa Manyowa

"Lamulo linali limodzi: chigawo chakuseri kwa ofesi chisathiridwe kanthu," anatero mayi wofufuza, akuloza udzu wobiriwira mochititsa manyazi. Zigawo zimene anazithira madzi a manyowa kwa miyezi itatu zinali zachikasu. Popanda chigawo chosathiridwa choyerekezera nacho zinazo, kafukufuku wake yense anali atafa.

"Bambo wothirira, mwathiramo manyowa inu. Ntchito yanu yathera pano."

"Mayi, mphuno muli nayo. Tanunkhizani, amenewo si manyowa."

Antchito onse anazolika. Pamenepo abwana aakulu, amene ankadzudzula ngakhale malaya osapisira, anavula chipewa.

"Asiyeni. Chimbudzi chili kutali, ndipo ine ndakula. Ndakhala ndikukodza pamenepa tsiku lililonse. Koma mulembe zoona, mayi: mkodzo wanga waposa manyowa anu."