Khomo la a Policarpo

"Amake Telma, tandionani! Ndawongoka!" anakuwa a Policarpo atangotsika minibasi ya chapa kwawo ku Furancungo.

Kuchipatala ku Tete ankawamanga malamba n'kuwagoneka pa makina okoka msana pang'onopang'ono, masabata atatu. Munthu amene anayenda chowerama zaka zisanu tsopano ankavina pabwalo pake, ndodo atataya uko.

Anathamangira m'nyumba kuti akadzione pagalasi. Gu! Chipumi chinagunda mtanda wa pakhomo, iwo n'kukhala pansi.

"Anamanga khomo lalifupi chonchi ndani?"

"Inu nomwe, muli chowerama," anayankha akazi awo, akuseka mpaka misozi. "Ine ndawerama pamenepa zaka zonsezi, ndikadandaula mumati ndine wamtali. Pronto, basi, dzukani mulikweze lero lomwe. Msana muli nawo."